Damu la kumudzi: tisanatumize ndalama za simenti

Mlembi: Moni nonse abale. Monga tinagwirizana Lamlungu ku Mbare kuno ku Harare, nkhani yomanga damu kumudzi kwathu ku Malawi timalizire pano. A mfumu apereka kale malo, pa khwawa paja tinkawoloka popita kusukulu. Amene ali ndi mawu alankhule lero, mawa msungichuma akatumize ndalama za simenti.

aNaphiri a ku Mufakose: Tumizani basi. Amayi anga akhala akufukula madzi mumchenga kuyambira Ogasiti. Tikudikiranso chiyani?

aChisale a ku Dzivarasekwa: Pepani a mlembi, ndilankhuleko ngakhale ndinajomba ku Mbare. Damu sindikulikana ayi. Koma ine ndakalambira m'mafamu a kuno, ndipo ndinaliona damu likufa ndi maso angawa. Madzi akamathamanga amasenza katundu: mchenga, dothi la m'minda, masamba, timitengo, ndowe za ng'ombe, zonse. Akangofika padamu n'kuima, amatula. Mchenga umayamba kutsika kumtunda kumene mtsinje ukulowera, matope osalala aja amayenda mpaka pakhoma. Chaka china bwana anatituma kukatsegula paipi ya pansi. Ndinalowamo ine, matope mpaka m'chiuno, akuda bii, masamba ali umo osaola bwinobwino. Ndikaponda, thovu limatuluka pwepwepwe, fungo ngati dzira lovunda. Paipiyo sitinaipeze. Pamene ndinkachoka pa famupo, kumtunda kwa damu kunali kutamera bango, ng'ombe zikudya pomwe tinkaponya mbedza. Ndiye ndikufunsa: pulani yathuyi ili ndi potulutsira matope?

Msungichuma: Malume, damu la Kariba pa mtsinje wa Zambezi anamaliza mu 1959, mpaka lero ilipo. Bwanji sinadzadze matope?

aChisale a ku Dzivarasekwa: Mwanawe, usafanizire nkhokwe ndi kathumba ka ufa. Kariba ndi nyanja yoposa makilomita 200 m'litali. Kathu aka mwana akhoza kuponya mwala n'kuwolotsa. Komanso taonani phiri la kumtunda kwa khwawa lija, makala anamaliza mitengo yonse. Mvula ikagwa madzi amatsika ofiira ngati thobwa la mawere.

Aphunzitsi a ku Highfield: Achimwene aChisale akunena zoona, ndipo sitikusowa kupita kutali. Kwathu kumene, pa Shire, malo opangira magetsi a Nkula akhala akuvutika ndi matope otsika m'mitsinje ya m'mbali, mpaka kampani yopanga magetsi ya EGENCO imachita kukokolola ndi makina. Ku Liwonde pa Kamuzu Barrage amachotsa namasupuni ndi zinyalala zoyandama kuti zisakatseke makina kunsi. Amenewo ali ndi ndalama za boma ndi mainjiniya. Ife tidzakokolola ndi chiyani, makasu?

Koma ine chikundivuta kwambiri ndi cha kunsi kwa khoma. Zimene damu lagwirazo pali ena amene amadalira. Ku Egypt, mtsinje wa Nile unkasefukira chaka ndi chaka n'kusiya matope achonde m'minda. Atamaliza damu la Aswan mu 1970, matope aja anayamba kutsalira m'nyanja ya kumtunda, alimi n'kumadalira feteleza. China n'chakuti madzi akatula katundu padamu amatuluka anjala. Amayamba kudya pansi pa mtsinje ndi m'magombe kuti asenzenso wina. Khwawa limazama, madzi a m'nthaka ya m'mbali amatsika nalo.

Mayi a Tadala: Apo ndiye mwandikhudza, aphunzitsi. Dimba la agogo anga lili kunsi komweko. Sitinagulepo feteleza wa dimba chibadwire. Madzi akaphwa mu Epulo amasiya matope akuda osakanikirana ndi zinyenyeswa za masamba, wokhuthala ngati chikhatho. Agogo amangobaya ndi ndodo n'kuponyamo chimanga, mu Okutobala tikukazinga mondokwa anzathu akudya gaga. Ndipo ana akatembenuza masamba ovunda m'madzimo amapeza tizilombo ndi nkhanu, matemba amadya zomwezo. Kodi a m'munsimo anafunsidwa? Kapena a mfumu anangofunsa a kumtunda poti ndiko kuli abale awo?

Mlembi: Achemwali, mawu omalizawo tiwabweze, pagulu pano pali ana a kubanja la a mfumu.

Mayi a Tadala: Ndabweza. Koma funso loyambalo sindinabweze.

aNaphiri a ku Mufakose: Inu nonse mukulankhula muli ndi mipopi. Matope adzadzaza damu patapita zaka, ludzu lilipo lero. Amayi anga akudzuka 3 koloko mbandakucha.

Bambo a Chikondi a ku Epworth: Mipopi yake iti, aNaphiri? Kuno timagula madzi pa chidebe. Ndipo amene ali nayo akumwa za mu Chivero. Damu limenelo anamanga mu 1952 pa mtsinje wa Manyame, ndipo chilichonse chimene mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba yatola mu tawuni muno chimakathera mmenemo. Mwaona mmene amabiriwira madzi ake nthawi yotentha? Kathu kakumudzi sikadzalandira zimbudzi za m'tawuni, koma ndowe ndi feteleza wa m'minda zidzalowamo, ndere n'kumera. Madzi akumwa a amayi anu akufunika mjigo, damu ndi la mbewu ndi ziweto.

Mphwake wa aChisale: Pepani akuluakulu, ndilowererepo ngakhale ndine wobadwira kuno. Ku Matabeleland kuno ku Zimbabwe ndinaona madamu a mchenga. Amamanga khoma lalifupi pathanthwe m'khwawa, mchenga n'kudzaza kuseri kwake dala. Madzi amabisala mumchengamo, dzuwa siliwamwa kwambiri, udzudzu suswana, anthu amatunga pachitsime cham'mbali. Khoma amalikweza pang'onopang'ono, mvula ikadutsa amawonjezera, kuti ligwire mchenga wokhawokha pomwe matope osalala ndi masamba zikudumpha pamwamba kupita kunsi. Dimba la agogo a mayi a Tadala lingamalandirebe gawo lake. Koma zimatheka ngati khwawa limanyamula mchenga wokhakhala ndipo pansi pali mwala. Likakhala la matope okhaokha, palibe chimene mwachita.

aChisale a ku Dzivarasekwa: Mwala ulipo, tinkachapirapo. Mchenga ndi womwe akufukulamo madzi amayi a aNaphiriwo.

Msungichuma: Ndiye nsomba zomwe tinalonjeza achinyamata aziweta mumchenga?

Aphunzitsi a ku Highfield: Dziwe la nsomba likhoza kukumbidwa pambali, madzi n'kupatutsira ndi ngalande. Koma kaya tisankha chiti, kubzala udzu wa vetiva ndi mitengo kumtunda kuyambe mvula ya chaka chino.

Mlembi: Chabwino. Ndalama za simenti ziyambe zaima. Bambo a Chikondi akupita kumudzi kumapeto kwa mwezi kukaika chiliza, akatenge alangizi a zaulimi akaone khwawalo, akakhalenso pansi ndi eni madimba a kunsi. Akatijambulire kuyambira kuphiri mpaka kudimba.

aNaphiri a ku Mufakose: Akafikenso kwa amayi anga. Akawafotokozere okha, ine sindingathe kuwaimbira foni kuti simenti yaimanso.