8087 ija yasiya kuimitsa kompyuta

Anzanga, sabata yatha ndidafunsa chifukwa chomwe 8087, kachipi kothandiza pa masamu komwe ndidaika mu kompyuta yanga yakale ya mtundu wa XT, kamatenthera mpaka kompyuta kuima. Vuto ndalipeza, ndipo ndidalakwitsa ndine. Kachipi kanga kadali ka 5 MHz, pomwe bolodi ya kompyutayo imathamanga pa 8 MHz ikakhala pa turbo (liwiro lapamwamba). Pamafunika 8087-2, mtundu wake wa 8 MHz. Ndasintha, ndamata kachitsulo kochotsa kutentha pamwamba pake, n'kulozetsako kafani. Kakutenthabe, poti tizipi ta Intel timeneti timadya magetsi oposa mawati 2, koma dzulo kompyuta yagwira ntchito tsiku lonse osaima.

Chandikhudza kwambiri ndi mapulogalamu. Ndimaganiza kuti chilichonse chiyamba kuthamanga, koma ayi. GW-BASIC, yolembera mapulogalamu, sikadziwa n'komwe kachipiko. Lotus 1-2-3, yowerengetsera manambala m'matebulo, idayamba kukagwiritsa ntchito pa Release 2 ya 1985, ndipo pa Turbo Pascal 3.0, yolemberanso mapulogalamu, muyenera kutsegula mtundu wake wa TURBO-87, osati wamba. Pamenepo ndiye masamu a sine ndi cosine akuuluka, mtima wanga mpaka kusangalala.

Amene muli ndi kompyuta ya IBM 5150, mukaikamo 8087 kumbukirani kuika swichi yachiwiri ya SW1 (gulu la maswichi pa bolodi) pa OFF.