Nkhuku zingapo kuseri kwa nyumba m'tauni: ndiyambe bwanji?

Funso kuchokera kwa Wa_ku_Area25

Moni nonse. Kuseri kwa nyumba kuli malo pafupifupi mamita 4 m'litali ndi 3 m'lifupi, pafupi ndi kadimba ka mpiru ndi tomato. Ndikufuna nkhuku zisanu kapena zisanu ndi imodzi za mazira odya pakhomo, osati bizinesi. Ndigule mtundu wanji, khola likhale lotani, ndipo ndipewa bwanji fungo ndi chitopa? Mpanda ndi umodzi ndi aneba.

Mlimi_wa_mtauni

Malowo akwana bwino, amayi. Khola logona likhale mamita 2 m'litali ndi mita ndi theka m'lifupi, kenako kabwalo kotchinga ndi waya koti zizipalasa masana. Musamazitayirire: nkhuku zisanu zimatha bedi la mpiru m'mawa umodzi, ndipo zikadumpha mpanda mlandu wake ndi wanu.

Khoma la njerwa lingofika m'chiuno, kumwamba kwake waya mpaka kudenga kuti mphepo izidutsa. Malata apitirire khoma ndi theka la mita, chifukwa mvula ya Januwale imabwera chammbali. Pansi muthire simenti ngati mungathe, makoswe asamakumbe. Pamwamba pa simentiyo yalani utuchi wa kwa akalipentala kapena mankhusu a mpunga, wokhuthala masentimita 10.

Fungo limene mukuopalo silichokera ku chitosi chokha, limachokera ku chitosi chonyowa. Chomwera chikakhala pansi, nkhuku zimachiponda, madzi amatayikira pa utuchi, pakapita masiku awiri mukalowa m'kholamo maso amayabwa. Chomwera chikwezeni pa njerwa kuti chilingane ndi msana wa nkhuku, utuchi muziutembenuza ndi reki kawiri pa sabata, pamene panyowa chotsani tsiku lomwelo. Ikani mtengo wogonapo wotalika mita ndi theka, ndi zisa ziwiri pakona yamdima. Beseni lakale lokhala ndi udzu wouma limagwira ntchito.

Tambala musagule. Thadzi limaikira popanda tambala, kungoti mazirawo saswa anapiye. Tambala ndiye adzakudanitseni ndi aneba 4 koloko m'bandakucha. Ndipo ngati nyumbayo ndi ya lendi, kambani ndi eni ake musanagule njerwa.

Dokotala_wa_ziweto

Za khola zanenedwa, ine ndikhale pa chitopa, chifukwa ndi chimene chimasesa makola kwathu kuno, makamaka nyengo yotentha kuyambira Ogasiti mpaka mvula itayamba. Nkhuku imazyolika, mapiko kugwa ngati yavala jekete, chitosi chobiriwira chamadzimadzi, kupuma movutikira, zina khosi kupotoka. Ndi kachilombo ka vayirasi, choncho chilibe mankhwala. Makapusozi a anthu amene ena amasungunulira m'madzi sachiza chitopa, mungotaya ndalama ndi kuika mankhwala m'mazira amene ana adye.

Chothandiza ndi katemera nkhuku zisanadwale. Wa I-2 ndi wosavuta: dontho limodzi m'diso limodzi, nkhuku iliyonse, kaya mwanapiye kaya thadzi lalikulu. Dikirani iphethire, dontho lilowe, ndiye muisiye. Mubwereze pakapita miyezi inayi iliyonse. Malichi, Julaye ndi Novembala ndi ndondomeko yosavuta kukumbukira, ndipo wa Julaye ndiye wosayenera kuphonya. Chitetezo chimakhwima pakapita sabata imodzi kapena ziwiri, ndiye kuthamangira katemera nkhuku za aneba zitayamba kufa kumakhala kuchedwa. Yodwala kale musaitemere. Botolo lisakhale padzuwa; ponyamula likulungeni m'kansalu konyowa. Alangizi a ziweto a m'dera lanu kapena masitolo a mankhwala a ziweto adzakuuzani kumene akupezeka, ndipo poti botolo limodzi limakwana nkhuku zambiri, gwirizanani ndi ena oweta.

Njira imene chitopa chimalowera kawirikawiri ndi nkhuku yachilendo: yogula pamsika kapena yobwera ndi alendo ochokera kumudzi. Yotereyi ikhale payokha masabata awiri, kapena ingopita mumphika. Yofa yokha ikwirireni mozama.

Utitiri nawo musauiwale. Umabisala m'ming'alu ya matabwa masana, usiku n'kumayamwa magazi, thadzi lipombo kuyera, mazira kuchepa. Ikani pakona pouma mchenga wosakaniza ndi phulusa zizisambamo fumbi, ndipo udzu wa m'zisa muziutentha n'kuika wina mwezi uliwonse.

Mayi_Mazira

Pa mtundu pali zitatu. Zachikuda n'zopirira koma mazira ake ndi ochepa, kawirikawiri safika 60 pachaka, chifukwa zikaikira khumi ndi angapo zimayamba kufungatira. Zamazira zachizungu zimatha kupitirira 250 pachaka, koma zimafuna layers mash (chakudya chogula cha nkhuku zoikira mazira) tsiku ndi tsiku. Mukangosintha chakudya sabata imodzi, mazira amachepa. Kwa woyamba kumene ndingasankhe za Mikolongwe, zakuda zija, zimene dzina lake lenileni ndi Black Australorp ndipo zimatchedwa choncho chifukwa cha famu ya boma ya Mikolongwe ku Chiradzulu. Zili pakatikati: mazira ochulukirapo, thupi lalikulu, sizidandaula msanga. Gulani misoti ya masabata 6 kapena kupitirira. Anapiye a tsiku limodzi amafuna kutenthetsera, ndipo magetsi akathima usiku wa mu Juni mumawapeza atapanikizana pakona, ena atafa.

Thadzi limodzi limadya magalamu pafupifupi 120 patsiku. Zisanu ndi imodzi ndi magalamu 720, ndiye thumba la makilogalamu 50 limatha miyezi iwiri ndi sabata. Madzi zimamwa pafupifupi kawiri kuchuluka kwa chakudya, mu Okutobala kuposa apo.

Madeya okha sakwana, ngakhale ambiri amadalira omwewo. Mukafuna kusakaniza nokha makilogalamu 10: chimanga chogaya 4, madeya 2, soya wokazinga ndi kugaya 2 ndi theka, usipa wosinja theka, laimu wa ziweto wochepera pang'ono kilogalamu imodzi, mchere supuni ziwiri zazikulu. Soya wosakazinga amasokoneza kugaya chakudya m'mimba, nkhuku sizikula. Laimu akhale wa ziweto, osati wopaka khoma. Akasowa, mazira amatuluka ofewa chigoba, amasweka m'chisa, nkhuku zikalawa zimazolowera kujompha mazira ndipo chizolowezi chimenecho n'chovuta kuchiletsa. Zigoba za mazira muziumitsa, kusinja, n'kubwezera m'chakudya. Masamba a bonongwe ndi mpiru wokalamba muziwamangirira m'mwamba zizijompha.

Mlimi_wa_mtauni

Za dimba lija: chitosi chachiwisi musathire pa tomato, chimawotcha mizu. Utuchi wochotsa m'khola unjikani pakona, sakanizani ndi masamba ouma, muziwaza madzi pang'ono ndi kutembenuza masabata awiri aliwonse. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu ukada n'kusiya kununkha, ndiye wapsa. Chakudya chotsala m'modyera muzichotsa madzulo, thumba likhale m'ndowa yotseka, apo ayi makoswe adzasamukira kwanu.

Wa_ku_Area25

Zikomo kwambiri nonse. Ndiyamba ndi khola, misoti ya Mikolongwe ibwere pambuyo. A dokotala, ngati wogulitsa anena kuti anazitemera kale, ndidikire miyezi inayi?

Dokotala_wa_ziweto

Ngati ali ndi tsiku lolembedwa, werengani kuyambira tsikulo. Ngati akungonena pakamwa, zitemereni zikangotha sabata zili zathanzi pakhomo panu. Dontho lowonjezera silizivulaza.