Thandizo: kusintha sitima pa Rhodesfield, kuchokera ku Tembisa kupita ku Sandton

Abale ndi alongo okhala ku Tembisa, ku South Africa, chonde thandizani. Pa mapu ulendowu ndi wosavuta: sitima wamba ya Metrorail kuchokera pa siteshoni ya Leralla ku Tembisa, kudutsa Kempton Park, kutsikira pa Rhodesfield, kenako sitima yothamanga ya Gautrain yodzera ku Marlboro mpaka Sandton. Kusinthako sikungapeweke. Njanji ya Metrorail ndi yotambalala mamilimita 1,067 ndipo imayendera magetsi a mavoti 3,000, pomwe ya Gautrain ndi ya mamilimita 1,435 pa mavoti 25,000, choncho sitima ya uku singaponde njanji ya uko. Tikiti ya Metrorail nayonso sitsegula geti la Gautrain. Pamafunika khadi yawo kapena ya kubanki yongogunditsa.

Nkhawa ili pa Metrorail. Mawaya ambiri anabedwa mu 2020, ndipo pamene zizindikiro za panjanji sizikugwira, sitima imaima kudikira chilolezo, nthawi n'kumapita. Wolowa ntchito 8 koloko zimenezi zingamuchotsetse ntchito.

Ndiye amene mukukwera masiku ano, kodi sitima zam'mawa zikuima pa Rhodesfield? Yoyamba ikunyamuka nthawi yanji ku Leralla? Nanga munthu asiye mphindi zingati zosinthira, kuphatikizapo mzere wothira ndalama m'khadi?