Ndani amadziwa kagwiritsidwe ntchito ka hing?

Abale, ndigawireni nzeru pa nkhani ya hing, chokometsera ndiwo cha amwenye chomwe ena amachitcha asafoetida. Ndi utomoni wouma wochokera ku mizu ya chomera chotchedwa Ferula, chomwe chimamera kwambiri ku Iran ndi Afghanistan. Fungo lake ndi loboola mphuno, koma akaukazinga m'mafuta limasanduka ngati la anyezi ndi adyo.

Asing'anga a Ayurveda, njira yamakolo yochiritsira ya ku India, amati hing amachotsa mpweya m'mimba, n'chifukwa chake kumeneko amathira mu nyemba ndi mphodza. Ine nyemba zimanditupitsa mimba, ndiye ndagula kabotolo ka ufa wake m'sitolo ya amwenye ku Limbe. Mumphika wa banja lonse mumathira wochuluka bwanji? Kotsina ndi zala kakukwana? Nanga mumathira pokazinga kapena nyemba zitapsa?

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi: amayi ena ku India amasungunula hing m'madzi ofunda n'kupaka mozungulira mchombo wa khanda m'mimba mukamaluma. Alamu anga akufuna kuyesa pa mwana wawo wa miyezi iwiri, ine ndawaletsa kaye. Ngati muno muli anamwino kapena adokotala, tiuzeni ngati zilibe vuto. Ndipo mayi woyembekezera angadye ndiwo zothira hing?