BMW 530d ikukanika chitunda m'chipale, ntchito za ku bwalo la ndege zikuthawa

aMbewe, Sheffield

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Galimoto ya ntchito ndi BMW 530d ya 2018, M Sport, otomatiki, yokankha ndi matayala akumbuyo okha. Matayala ndi amene inabwera nawo: 245/40 R19 kutsogolo, 275/35 R19 kumbuyo, a run-flat (oyendabe ngakhale ataphwa), a nyengo yotentha, mizere yatsala mamilimita 4. Ntchito zambiri ndi zokatenga makasitomala cha m'ma 4 koloko m'mawa kupita nawo ku Manchester Airport. Chipale chikangogwa, ngakhale masentimita awiri okha, galimoto siikwera timisewu ta m'makomo ta ku Crookes ndi Walkley, kuno ku Sheffield. Kalaiti kachikasu ka DSC (kompyuta yoletsa galimoto kuterera) kamangothwanima, injini n'kufooka, kumbuyo n'kumapita cham'mbali, pomwe ka Fiesta kakudutsa osavutika n'komwe. Kusintha galimoto chaka chino sikutheka. Ndiyambire pati?

aPhiri, makaniko, Leeds

Achimwene, galimotoyo ilibe vuto. Vuto ndi nsapato zimene yavala.

Mphira wa tayala la nyengo yotentha umayamba kuuma kukazizira kutsika madigiri 7, ndipo pa ziro umakhala gwa ngati pulasitiki. Ndiye onjezani kuti lakumbuyo ndi la mamilimita 275 m'lifupi: m'malo moboola chipale n'kugwira pansi, limangokhala pamwamba n'kuchipsinja mpaka chisanduke ayezi. Injini imeneyo imatulutsa mphamvu yozunguzira matayala (torque) ya 620 Nm ikangofika ma rpm 2,000, ndiye kuti mwangokhudza moto pang'ono, mphamvu yonse yafika kale pa matayala awiri osagwira. Ka Fiesta kaja injini yake yakhalira pamwamba penipeni pa matayala okoka, matayalawo ndi opyapyala, mphamvu yake ndi yochepa. Yanuyi kulemera kwake kunagawidwa pafupifupi theka kutsogolo theka kumbuyo. Amene munayendetsapo pikapu yopanda katundu pa makande mvula itangogwa mukuchidziwa chimenechi.

Chimene mukuchiona ngati injini kufooka ndi DSC. Ikamva tayala likuzungulira pachabe imadula mphamvu n'kuligwira ndi buleki. Pa msewu wouma zimenezi n'zabwino. Pa chitunda cha chipale imadula mpaka galimoto kuima.

Gulani matayala a nyengo yozizira, anayi. Onani chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu lokhala ndi kachipale mkati, amachitcha 3PMSF. Malemba oti M+S paokha musawakhulupirire, tayala siliyesedwa m'chipale kuti liwalandire.

aNkhoma, Bradford

Anayi a saizi imeneyo si ndalama yamasewera. Poti okankha ndi akumbuyo, bwanji osangosintha awiriwo? Ndiponso ena amati kuphwetsako mpweya pang'ono kumathandiza.

aPhiri, makaniko, Leeds

Ayi bambo, zonse ziwiri ayi. Mukasintha akumbuyo okha mudzakweradi chitunda, koma chitundacho muyenera kudzatsikanso. Mabuleki ambiri ndi chiwongolero chonse zili kutsogolo. Kumbuyo kukukankha bwino, kutsogolo kukuterera: mupinda chiwongolero pa kona galimoto n'kumangopita molunjika kukagunda khoma la mwini. Choipa chake n'chakuti ponyamuka imakunamizani kuti msewu ukugwira.

Za mpweyazo ndi nzeru ya pa mchenga. M'chipale tayala lophwa limatambalala, mizere yake n'kutsekeka, chimene tikuchithawa chija. Pa run-flat ndiye mukuwononganso m'mbali mwake osaona. Tsatani nambala zolembedwa pa chitseko cha dalaivala, ndipo muziyeza galimoto isanayende, chifukwa kukazizira ndi madigiri 10 mpweya umatsika wokha pafupifupi 0.1 bar.

aGama, wa matayala, Manchester

Ndionjezepo za saizi, pamenepa ndi pamene anthu amataya ndalama. Musafune 275 ya nyengo yozizira. Pezani marimu anayi a mainchesi 18 muvekepo 245/45 R18 mbali zonse. Ndi saizi imene BMW imaivomereza pa galimoto imeneyi, ndi yotchipa kuposa ya 19, ndipo poti onse ndi ofanana mutha kumasinthanitsa akutsogolo ndi akumbuyo kuti azitha limodzi. A mainchesi 17 musagule musanawayese pa galimoto, pa M Sport nthawi zina amakhula mabuleki akutsogolo.

Mukamagula marimu akale chenjerani: galimoto yanuyo ndi 5 Series ya mtundu wa G30, mabowo a rimu yake ndi 5x112, bowo la pakati mamilimita 66.6. Ya m'mbuyo mwake, F10, ndi 5x120. Ogulitsa pa intaneti amangolemba "5 Series" basi, munthu n'kugula zosalowa. Rimu iliyonse ikufunanso sensa ya mpweya pa valavu, apo ayi kalaiti sikazima. Mabawuti amangidwe 140 Nm ndi sipanala yoyezera, osati mfuti ya mpweya yokha, ndipo mukayenda mamailosi 50 muwayezenso. Mukamaliza lowani mu iDrive, pa sikirini ya m'galimoto, muuze galimoto kuti matayala asintha.

Mitundu yodalirika ilipo: Michelin Pilot Alpin 5, Continental WinterContact TS 870 P, Pirelli Winter Sottozero 3. Ngati ndi akale, werengani manambala anayi omaliza a DOT m'mbali mwa tayala. 3521 ndiye kuti sabata ya 35 ya 2021. Lamulo la kuno ku UK limalola mizere mpaka mamilimita 1.6, koma tayala la chipale likatsika pa 4 ntchito yake yatha, ngakhale lioneke labwino. Ambiri ali ndi muvi wosonyeza mbali yozungulira, onetsetsani kuti anyamata sanatembenuze.

aNkhoma, Bradford

Nanga CrossClimate 2 ya Michelin, ya nyengo zonse ija, yomwe aliyense akuitama? Siyokwana?

aGama, wa matayala, Manchester

Nayo ili ndi 3PMSF, ndipo kwa munthu woyenda m'tauni ya chigwa masana ndi yokwana, sasinthanso chaka chonse. Koma aMbewe amadzuka 4 koloko, galimoto zothira mchere zisanafike m'timisewu ta m'makomo, kenako n'kudutsa mapiri a Pennines ndi 620 Nm kumbuyo. Kwa iwo ine ndinganene a nyengo yozizira enieni, kuyambira Novembala mpaka Malichi. Musaiwale kuti nthawi imeneyo a 19 aja akupuma, ndiye ndalama siikupita pachabe. Imbiraninso a inshuwalansi muwauze, poti yanu ndi ya ntchito yonyamula anthu ndipo mwasintha saizi ya rimu.

Nabanda, Edinburgh

Matayala anenedwa bwino. Ine ndikambe za phazi, chifukwa ngakhale ndi matayala abwino galimoto imeneyi imafuna ulemu.

Ponyamuka: pa batani losankhira kayendedwe ka galimoto ikani Comfort kapena Eco Pro, Sport ayi. Kankhirani giya kumanzere ilowe manyuwale, musankhe M2. Giyabokosi ya magiya 8 imeneyo imalola kunyamuka ndi giya yachiwiri, ndipo mphamvu yofika pansi imachepa. Zimitsani Auto Hold, imene imagwira buleki yokha mukaima, chifukwa imadikira muponde moto kuti imasule, ndiye imamasula ndi kagwedezo kamene kamayambitsa kuterera. Chotsani phazi pa buleki, isiyeni iyambe kukwawa yokha, kenako muonjezere moto ngati pansi pa phazi pali dzira. Matayala akutsogolo akhale owongoka; akapindika amakhala ngati mwala wotchinga.

Batani la DSC lija lili ndi ntchito ziwiri, ndipo apa ambiri amasokoneza. Kulidina kamodzi mwachidule kumalowetsa DTC, pa sikirini pamalembedwa Traction. Imeneyi imalola matayala kuzungulirako pang'ono kuti akumbe chipale, koma kumbuyo kukafuna kutembenuka imakugwirani. Ndi imene mukuifuna pa chitunda cha ku Walkley. Kuligwira kwa masekondi angapo kumazimitsa DSC yonse. Musayerekeze, makamaka muli ndi kasitomala. Mukangofika pa msewu waukulu dinaninso ibwerere mwakale.

Chitunda chimakweredwa ndi liwiro lotengera pansi. Dikirani m'munsi mpaka wakutsogolo amalize, chifukwa akaima pakati nanu mwaima, ndipo kunyamukanso pamenepo n'kovuta. Lowani ndi mamailosi 15 kapena 20 pa ola, phazi likhale pamodzimodzi, giya isasinthe pakati. Mukamva matayala ayamba kuzungulira pachabe, bwezani phazi pang'ono, osati kuonjezera. Tayala lozungulira limasungunula chipale n'kupukuta ayezi pansi pake, ndiye mukamalimbikira m'pamene mukudzikumbira.

Mukakanika, musapitirize. Bwererani pang'onopang'ono m'mizere yanu yomwe mpaka pansi, muyambenso, kapena imbirani kasitomala atsike wapansi kudzakumana nanu pa msewu wa basi. Misewu ya basi ndi imene khonsolo imayamba kuthira mchere.

Kutsika ndi kumene kumaopsa kuposa kukwera. Chepetsani liwiro musanayambe mtsetse, sankhani giya yachiwiri kapena yachitatu mukadali pamwamba. Pa galimoto yokankha ndi kumbuyo, kugwira kwa injini kumapita ku matayala akumbuyo okha, choncho mukatsitsa giya mwadzidzidzi pakati pa mtsetse kumbuyo kumatha kumasuka. Buleki ipondeni mofewa mosalekeza, imagwira matayala onse anayi. Ikayamba kunjenjemera pansi pa phazi ndi ABS, yoletsa matayala kumangika, ikugwira ntchito, musachotse phazi ndipo musapope.

Kumbuyo kukathawira kumanja, pindani chiwongolero kumanja, maso pamene mukufuna kupita, osati pa galimoto yoimikidwa imene mukuiopa. Phazi lichoke pa moto pang'onopang'ono. Ndiye konzekani kubweza chiwongolero msanga, chifukwa matayala akagwiranso kumbuyo kumabwerera mbali inayo mwamphamvu, ndipo kubwerera kwachiwiriku ndi kumene kumatembenuza anthu. Zimenezi siziphunziridwa powerenga. Pezani malo oimikapo galimoto opanda kanthu tsiku la chipale, muyese pa mamailosi 10 pa ola.

aNkhoma, Bradford

Mayi mwafotokoza. Koma thumba la mchenga m'buti simunalitchule.

Nabanda, Edinburgh

Ine sindilikonda. M'buti ndi mwa masutikesi a kasitomala.

aPhiri, makaniko, Leeds

Apa ndisiyana nanu pang'ono mayi. Nthawi imene aMbewe akukanika ndi popita kukatenga munthu, galimoto ili yopanda kanthu. Matumba awiri a makilogalamu 20 kapena 25 amathandizadi ponyamuka, bola akankhidwire mkati kutsamira mpando wakumbuyo, pamwamba pa ekiselo. Mukawaika kumapeto kwa buti amapepukitsa kutsogolo ndipo pa kona amakoka kumbuyo ngati mwala wa pa chingwe. Amangidwe ndi lamba ku ngowe za m'butimo. Kupitirira makilogalamu 50 mukungotalikitsa mtunda woimira. Ndipo ukhale mchenga wokhakhala, wouma, kuti mukatitimira mung'ambe thumba muthire kutsogolo kwa matayala akumbuyo. Koma mchenga pa matayala a nyengo yotentha sukupulumutsani.

Ikanimonso fosholo yaifupi ndi masokosi a matayala, monga AutoSock. Amavekedwa kumbuyo, kumene kuli mphamvu. Anthu ozolowera galimoto zokoka ndi kutsogolo amalakwitsa apa. Malire ake ndi mamailosi 30 pa ola, ndipo mukafika pa phula loyera avuleni, amang'ambika msanga. Matcheni pa 275 ya 19 musaike, danga la mkati ndi lochepa, adzadula paipi ya buleki kapena waya wa ABS. Buku la galimoto limatchula saizi zololedwa matcheni.

aTembo, Huddersfield

Ndikambe za njira, poti ntchito ndi yofika pa nthawi. Kuchokera ku Sheffield GPS idzakupatsani A57 Snake Pass kapena A628 Woodhead. Snake ndi imene imayamba kutsekedwa chipale chikagwa, ili ndi makona ambiri ndipo usiku kulibe wokuthandizani. Woodhead ndi yabwinoko koma mumadzaza malole, imodzi ikapingasa nonse mwaima. A zanyengo a Met Office akatulutsa chenjezo la chipale, zungulirani M1 kenako M62, muonjezere ola pa nthawi yonyamuka, ndipo kasitomala mumuuze madzulo ake. Nayo M62 si yodalirika kotheratu: pa Windy Hill, pafupi ndi junction 22, imafika mamita 372, ndipo mu Malichi 2018 anthu anagona m'galimoto pamenepo usiku wonse. Tanki isatsike pa theka. Chenjezo likakhala la amber, lapakati pa lachikasu ndi lofiira, onani kaye za National Highways, oyang'anira misewu ikuluikulu, musanavomere ntchito; likakhala lofiira, kanani.

Pa msewu waukulu cruise control, yosunga liwiro yokha, izime. Buku la malamulo a pa msewu, Highway Code, limanena kuti pa ayezi mtunda woimira utha kuchuluka kakhumi, ndiye siyani danga ngakhale akumbuyo akuwalitsireni. Galimoto ikalira kuti kunja kwafika madigiri 3, muziyembekeza ayezi pa milatho ndi m'mithunzi ya mitengo. Zimitsani wailesi mumvere: phokoso la matayala likangoti zii, chiwongolero n'kupepuka, muli pa ayezi. Musaponde chilichonse, musapinde, idutse yokha. Mchere nawo ukafika cha m'ma madigiri 5 pansi pa ziro umayamba kuchedwa kusungunula, choncho msewu wothiridwa si ndiye kuti wagwira.

Madzi otsukira galasi akhale opirira mpaka -15 kapena kupitirira, mchere wa M62 umadetsa galasi m'mphindi zochepa. Chipale cha padenga chichotsedwe chonse, mukaponda buleki chimatsikira pa galasi. AdBlue, madzi oyeretsera utsi wa dizilo, imaundana pa -11 koma tanki yake ili ndi chotenthetsera, musathiremo kanthu.

aMbewe, Sheffield

Zikomo nonse. Ndapeza marimu anayi a 18, wogulitsa watumiza chithunzi cha kuseri kwake, ndi a G30, masensa alimo. Ndiveka 245/45 R18 a nyengo yozizira onse anayi Lachisanu. Funso lomaliza kwa aGama: akhale a run-flat kapena wamba? M'buti mulibe sipeya.

aGama, wa matayala, Manchester

Kwa ntchito yanu tengani a run-flat, makamaka okhala ndi kanyenyezi ka BMW m'mbali. Wamba ndi ofewa ndipo ndi otchipa, koma kuphulika tayala pa Woodhead 5 koloko m'mawa, kasitomala ali ndi ndege yoti akwere, kabotolo ka guluu sikakuthandizani. Run-flat imakuyendetsani pafupifupi mamailosi 50 pa liwiro losapitirira 50. Musasakanize mitundu iwiriyo pa galimoto imodzi. Mamailosi 200 oyambirira yendani mofatsa, tayala latsopano limakhala loterera pamwamba. A 19 aja atsukeni, mulembe ndi choko mbali imene lililonse linali, muwasanjike chogona pamalo ouma opanda dzuwa.