Mwana wanga wangoyamba kusamba, ndimugulire mapadi otani?

Mayi_wa_Atatu:
Amayi anzanga ndithandizeni. Mwana wanga wa zaka 12 wangotha msinkhu ndiye mapadi achuluka mitundu moti ndasokonezeka, ndiyambe ndi ati? Nanga matamponi, aja olowetsa mkati kuti aziyamwa magazi, ali bwino kwa mwana ngati ameneyu?

AnaPhiri:
Muyambitseni opyapyala okhala ndi mapiko aja, amagwira panti bwinobwino sasuntha akamathamanga kusukulu, komanso mumugulireko aatali ogona nawo usiku. Onunkhira perefyumu asiyeni, ana ena amawayabwa. Chachikulu azisintha pakapita maola 4 mpaka 6 ngakhale magazi akhale ochepa.

Mlongo_Wanu:
Matamponi dikirani kaye mayi, azolowere thupi lake. Siwoletsedwa ayi koma mwana amaiwala, ndipo tamponi ikakhalitsa mkati kupitirira maola 8 imatha kuyambitsa matenda oopsa otchedwa TSS (Toxic Shock Syndrome), obwera ndi poizoni wa mabakiteriya.

Gogo_Wamakono:
Ine ndimakonda mapadi ochapa, amakhalitsa bola azichapa ndi sopo nkuyanika padzuwa aume gwa, osati kubisa kunsi kwa matilesi chifukwa cha manyazi. Komanso musadabwe akamadumphitsa miyezi poyambapa, zimatero. Mchikwama muzikhala padi imodzi ndi panti yapadera.

Mayi_wa_Atatu:
Zikomo nonse, ndiyamba ndi a mapikowo.