Gogo wa sitiroko ali pa 96%, tim'patse okosijeni?

Nabanda: Anzanga amene muli maso, ndithandizeni. Ndili pa naiti, talandira gogo wa zaka 68 wochokera ku Mbare. Dzanja ndi mwendo wakumanja zafa, mawu sakumveka. Sikani ya mutu (CT) yaonetsa kuti magazi sanakhe mu ubongo, mtsempha ndi umene watsekeka. Kachipangizo ka pachala koyezera okosijeni m'magazi kakuwerenga 96% popanda okosijeni. Adokotala alemba malita 2 a okosijeni kuti titeteze ubongo. Koma konsentireta (makina opereka okosijeni) yomwe ikugwira ntchito ndi imodzi, ndipo pabedi lina pali bambo wa chibayo ali pa 88%.

Phiri: Asisi, makinawo apite kwa bambo wa chibayo pompano. Nanenso kale ndinkaganiza kuti okosijeni amapulumutsa mbali ya ubongo yozungulira pamene pafapo, imene idakali ndi moyo. Koma kafukufuku wa ku UK wotchedwa SO2S, amene anatuluka mu 2017, anatsatira odwala 8,003. Ena anapatsidwa okosijeni maola 72 osalekeza, ena usiku wokha, ena pokhapokha atatsika. Patapita masiku 90 panalibe kusiyana pa imfa kapena kulumala. Malangizo a American Heart Association amati tim'patse wodwala kuti akhale pamwamba pa 94%, osati amene ali kale pamenepo. Okosijeni akachuluka mitsempha ya mu ubongo imafinyika.

Nachisale: Koma a Phiri, ku China apezako phindu ndi okosijeni wambiri.

Phiri: Zoona amayi, koma awo anali odwala amene ankawachotsa chotseka mtsempha ndi kachubu, ndipo ankapatsidwa kwa maola ochepa. Gogoyu sali pa njira imeneyo.

Nachisale: Chabwino. Nabanda, inu muziyeza pafupipafupi, makamaka akagona, poti ambiri amatsika usiku. Chala chikazizira nambala imanama, chitenthetseni kaye. Muyeze shuga ndi kutentha thupi. Asadye kapena kumwa kanthu asanayezedwe kumeza. Phala likalowa kumapapo ndiye adzafunadi okosijeniyo.

Nabanda: Ndawaimbira adokotala, avomera, alembanso kuti tiyambe akatsika pa 94%. Bambo uja wafika 93%. Mwana wa gogo anali ndi kapu ya phala m'manja, ndamufotokozera m'Chishona, waibweza m'thumba. Ndiyezanso 2 koloko.